Zipinda Ziwiri za Kuseri

"Ndiye mumati ndidzazimvere kwa ndani, bambo a Loveness? Kwa amayi a pamjigo?"

Magret anafunsa ataima pakhomo la chipinda chogona, pepala lili m'manja, thovu la sopo likuyenderera m'zigongono. Pepalalo analipeza m'thumba la jekete ya ulonda ya amuna ake pomwe amati ainyike m'beseni. Chingerezi sankachimva kwenikweni, koma chidindo cha boma ankachidziwa, ndipo dzina la mayi Chatsika, eni nyumba, linalembedwa pamenepo ndi zilembo zikuluzikulu.

A Fackson anali atangofika kumene kuchokera ku Willowvale, komwe ankalondera nyumba yosungiramo matayala. Anapitiriza kumasula zingwe za nsapato ngati sanamve. Kenaka anayankha motsitsa mawu, poti makoma a ku Mufakose sasunga chinsinsi, kuti iwo sanabe kanthu ndipo sanatukwane munthu. Anangopita ku ofesi yoona za lendi m'tauni kukafunsa ngati n'zololedwa kuti lendi iwirikize kawiri mwezi umodzi wokha.

"Lamulo lilipo, amake Loveness, ndipo sindinalembe ndine. Mwini nyumba sakweza lendi mmene wafunira, ndipo loja satayidwa panja ngati madzi otsukira mbale. Andiwerengera ndime yake ine ndikumva ndi makutu angawa. Anthu a muno amangolira chifukwa sadziwa. Mwana akapanda kulira amafera pamsana."

"Lamulo lanulo lidzagona nafe pabwalo pano? Likadzatseka ofesi yake madzulo, ife tidzatsala ndi ndani? Nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Zaka makumi awiri ndi chimodzi takhala kuseri kuno, ndipo chatisunga si pepala. Ndi pepani ndi zikomo. Mukanandiuza, ine ndikanakagwada kwa mayi Chatsika, tilire limodzi ngati amayi, mwina akanatsitsako pang'ono."

"Wakweza lendi si mayi Chatsika. Ndi Privilege."

"Nanga dzina lili papepalali ndi la ndani?"

A Fackson anavula masokosi n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Privilege anali mwana womaliza wa mayi Chatsika, yemwe Magret anamuberekapo kumbuyo ali wakhanda. Anabwerera kuchokera ku Joni m'mwezi wa Ogasiti, mapepala ake atatha, ndipo chibwerereni makiyi onse a pakhomopo ankalira m'thumba mwake. Nyumbayo inali m'dzina la mayi ake, choncho ku ofesi analemba dzina la mayi ake.

Mkangano unapitirira mpaka madzi a m'beseni anazizira. Magret ankati munthu wopanda kwawo sachita makani. Anzawo a Chishona zikavuta amamanga katundu n'kupita kumudzi, koma iwo kumudzi kwawo n'kuti? Bambo ake anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo anaikidwa konkuno. Iye Dedzayo ankangoimva m'kamwa mwa anthu. A Fackson ankati n'chifukwa chake ayenera kugwira lamulo ndi manja awiri, poti alibe china chogwira. Malipiro awo onse sangakwane lendi yatsopanoyo, ndiye adzadya makoma? Potsiriza Magret anaika pepalalo patebulo, n'kulipsinja ndi chitini cha mabatani, n'kubwerera kukachapa.

Kalata yoitana eni nyumba inafika Lachinayi. Magret ankayembekezera phokoso, koma phokoso silinamveke. Privilege anabwera kuseri madzulo, atavala malaya osita bwino, nagogoda ngakhale chitseko chinali chotsekula. Anawapatsa moni mwaulemu m'Chichewa chake chothyokathyoka, nanena kuti kalata wailandira ndipo adzakumana komweko. Anamwetulira, nachoka. Kumwetulirako n'kumene kunamuopsa Magret kuposa kukalipa.

M'mawa mwake pachivundikiro cha chitsime panali loko.

Chitsimecho chinali pakati pa nyumba yaikulu ndi zipinda za kuseri. Anachikumba ndi a Fackson ndi malemu bambo Chatsika chaka cha kolera chija, awiriwiri, wina kunsi wina akukoka ndowa. Madzi a khonsolo ankabwera kamodzi pa sabata, nthawi zina osabwera n'komwe, choncho pakhomopo moyo unali pachitsime. Magret anaima ndi ndowa zake akuyang'ana lokoyo. Pawindo la kukhitchini katani inagwedezeka, koma mayi Chatsika sanatuluke.

Anayamba kukatunga pamjigo wa kufupi ndi masitolo, komwe mzere unkayamba kusanache. Tsiku loyamba amayi anamufunsa ngati chitsime chaphwa. Tsiku lachitatu palibe anafunsa. Akafika nkhani zinkaduka, ndipo akasenza ndowa n'kutembenuka ankamva zikuyambanso kumbuyo kwake. Mayi wina amene ankamusokera madiresi a ana anamunong'oneza kuti mbiri yafika mpaka ku Kambuzuma, yoti kuli maloja ena a Chimalawi amene atengera mayi wamasiye kubwalo la milandu.

Ntchito ya Magret inali kusoka. Makina ake opalasa ndi phazi anali pansi pa windo m'chipinda chochezera, ndipo nyengo imeneyi makolo ankayamba kubweretsa nsalu za mayunifolomu a Januwale kuti azilipira pang'onopang'ono. Tsopano theka la tsiku linkathera pamjigo. Akafika pamakina msana unali utatha kale. A Fackson ankaona zonsezi. Akaweruka m'mawa, m'malo mogona ankatenga zigubu ziwiri n'kukaima pamzere wa amayi, mutu uli pansi. Awiriwo sankakambanso za pepala lija.

Tsiku la mlandu anavala zovala za kutchalitchi. Ofesiyo inali pamwamba pa nyumba ina yakale m'tauni, ndipo pakhonde pake panali benchi yodzaza anthu ogwira mapepala ofanana ndi lawo. Mayi Chatsika sanabwere. Privilege anati miyendo yawatupa ndipo iye wabwera m'malo mwawo.

Amene anamva nkhaniyo anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa koma womvetsera. Anawerenga mokweza zimene a Fackson analemba: kuti lendi yawirikiza popanda chifukwa, kuti zipindazo sizinakonzedwepo chiyambire, ndi kuti denga limadontha malo anayi mvula ikamagwa. A Fackson anaonjezera za loko wa pachitsime. Mayiyo anamuyang'ana Privilege pamwamba pa magalasi n'kumufunsa ngati zinali zoona. Privilege sanakane chilichonse. Anati ndi mwana, zambiri sankazidziwa, ndipo wathokoza kuti amuunikira.

Chigamulo chinali chachifupi. Lendi ikhale yakale mpaka oyendera nyumba atabwera kudzaona zipindazo. Loko achoke tsiku lomwelo. Malojawo asatulutsidwe popanda chilolezo cha ofesiyo. Ndipo popeza denga likudontha, mwini nyumba alikonze.

"Dengalo ndiye ndilikonza msanga, mayi," anatero Privilege. "Makolo angawa sanganyowe ine ndilipo."

Potsika masitepe a Fackson ankayenda ngati mnyamata. Pamalo okwerera makombi, maminibasi a m'tauniyo, anagula chimanga chootcha chiwiri n'kumupatsa Magret chachikulu. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti munthu akakhala chete amadyedwa ali maso. Magret anatafuna chimangacho akumva manyazi pang'ono. Mwina iye ndi amene anazolowera kuwerama mpaka kuiwala kuti msana umaongoka. Atafika kunyumba anapeza loko atachotsedwa kale, ndipo anatunga ndowa zinayi motsatizana, ngakhale ankafuna ziwiri zokha.

Lolemba m'mawa kunabwera amuna awiri ndi makwerero ndi chitsulo chozulira misomali. Privilege anali nawo. Anapempha Magret kuti aphimbe katundu ndi nsalu chifukwa kugwa fumbi, nanena kuti malata atsopano afika masana. Magret anafunsa ngati sangayambe chipinda chimodzi, china chitsale, popeza mitambo inali itayamba kusonkhana masiku amenewo. Privilege anati amisiriwo amalipidwa pa tsiku, ndiye ntchito iyenera kutha kamodzi.

Pofika nthawi ya nkhomaliro dzuwa linali likuwala pabedi pawo. Malata akale anawakweza pangolo yokankha n'kupita nawo. Amisiri aja anasamba m'manja pachitsime, nati akukadya. Sanabwerenso.

A Fackson anadikira mpaka nthawi yopita kuntchito itayandikira, kenaka anakagogoda kunyumba yaikulu. Magret anawatsatira n'kuima chapatali. Privilege anatuluka akutokosa m'mano.

"Malata adula, bambo. Ndapita kukafunsa, ndalama imene ndinali nayo siikwana ngakhale theka. Lendi yakale ija mukuidziwa nokha kuchepa kwake. Ndiunjika pang'onopang'ono."

"Ndiye bweza akale aja tiyambe takhoma."

"Ndagulitsa kuti ndilipire amisiri. Si inu munalemba kuti ndi obooka? Boma lati ndikonze denga, ndipo ndayamba kukonza. Silinanene tsiku lomaliza. Ine sindinakutulutseni. Khalani ndithu, zipindazo ndi zanu."

Analankhula modekha, manja ali kumbuyo, monga mwana wolankhula ndi akulu. Magret anawagwira amuna ake mkono n'kuwakokera kuseri asanachite chinthu chimene chikanawagonetsa m'chitokosi.

Tsiku lotsatira a Fackson anabweretsa mapepala apulasitiki akuda ochokera kuntchito, okulungira matayala. Anawayala pamitengo ya denga, nawamanga ndi waya, nawapsinja ndi njerwa. Mapepalawo anagwira masiku awiri. Lachinayi masana, a Fackson atapita kuofesi ija kukadandaula, kumwamba kunada mbali ya ku Kambuzuma ndipo kunayamba mphepo yonunkha dothi. Magret anamva njerwa yoyamba ikugwa pabwalo. Pulasitiki anatukuka ngati chitenje choyanika, nang'ambika pakati, ndipo mvula inalowa m'nyumba ngati ilowa m'munda.

Anathamangira makina poyamba. Anawaphimba ndi beseni lalikulu ndi bulangete, kenaka anatola nsalu za eni n'kuzikankhira pansi pa tebulo. Koma madzi ankatsika ndi mwaye wa zaka zonse umene unakanirira kumitengo ya denga, ndipo malaya oyera khumi ndi awiri amene anali atamaliza kusoka anachita mizeremizere yakuda. Matiresi anamwa madzi mpaka kulemera ngati ng'ombe yakufa. Ufa unasanduka phala m'thumba momwemo. Mvula itakata, Magret anakhala pampando pakati pa chipinda, madzi ali m'akakolo, akuyang'ana mitambo ikudutsa pamwamba pa kabati yake.

A Fackson anafika atanyowa nawonso. Anaima pakhomo osalowa. Patapita nthawi anafotokoza kuti mayi wa magalasi uja anakwiya kwambiri atamva, ndipo walemba kalata ina yamphamvu. Koma oyendera nyumba alipo awiri okha tauni yonseyi, ndipo tsiku loyamba limene angapezeke ndi mu Febuluwale. Mayiyo anawalangiza kuti ngati akufuna zachangu apeze loya. Anatulutsa kalatayo m'malaya kuti amuonetse, koma Magret sanatambasule dzanja, ndipo iwo anaibwezera momwemo.

M'mawa mwake Magret anachita chimene ankafuna kuchita poyamba pomwe. Anadikira Privilege atatuluka, navala chitenje chouma chimene chinatsala, n'kukagwada pakhomo la khitchini ya mayi Chatsika. Anawapeza atakhala pampando, miyendo yotupa ataisanjika pandowa yovundikira. Kuyambira tsiku la kalata lija anali asanayang'anane m'maso.

"Mayi, ndabwera ndekha, bambo a Loveness sakudziwa. Tinalakwa. Pepalalo tikalichotsa, tikauza a boma kuti nkhani yatha. Lendi yatsopanoyo tidzayesetsa, ndidzasoka usana ndi usiku. Mungotibwezera denga. Munali nane pamene ndinkaika mwana wanga woyamba. Ine ndi amene ndinasambitsa bambo Chatsika akudwala, inu manja atakukanikani. Mnzako akapsa ndevu mzimire."

Mayi Chatsika atayamba kulankhula, mawu awo anali osasa.

"Dzina langa linawerengedwa m'tauni ngati la wakuba, Magret. Ine Iris, amene sindinakweze lendi zaka zisanu ndikuona mavuto anu. Zinandiwawa, sindikubisira. Koma usaganize kuti loko uja ndinaika ndine, kapena kuti dzulo ndinadya nsima mvula ija ikugwa. Ndinali pawindo apa. Ndinakuona ukuthamanga ndi nsalu."

"Ndiye muuzeni mwana wanu. Ndi mwana, akumverani."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndimumenye ndi chiyani osaswa mkhate wanga womwe? Penshoni ya bambo ake imagula buledi wa masiku atatu. Mankhwala a shuga amafuna madola, khonsolo imafuna zake, ndipo amene amathamanga ndi zonsezo ndi iyeyo. A boma anakuuzani kuti lendi isakwere. Anawauzanso a kufamase kuti mankhwala asakwere? Wandiuza kuti ndikalowerera nkhaniyi agulitsa nyumba yonse, poti theka ndi la bambo ake, ine akandisiya kwa mlongo wake ku Chitungwiza. Ukundiona ngati mwini nyumba. Makiyi a chipinda changa chomwe ali ndi iyeyo."

Magret anafunsa ngati ndiye kuti palibenso chochita. Mayi Chatsika anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa duku, naulula kuti zipindazo zinapezerwa kale anthu. Ndi atsikana atatu ochita malonda a ku Musina, kumalire a ku Joni, ndipo analipira miyezi itatu nthawi imodzi Privilege asanakweze n'komwe lendi. Kukweza kuja sikunali kofuna kuti iwo alipire. Kunali kofuna kuti achoke okha. Ngakhale Magret akanabwera kudzagwada tsiku loyamba, zikanatha chimodzimodzi, kungoti akanachoka ndi katundu wouma.

"Uzibwera kudzagona m'khitchini muno mvula ikamagwa," anatero mayi Chatsika. "Koma uzituluka iye asanadzuke."

Magret anathokoza, nadzuka. Maondo anali atachita dzanzi. Pobwerera kuseri anazindikira kuti mkwiyo umene anausunga masabata onsewa pa amuna ake unalibenso pokhala. Njira yawo inalephera, koma yakenso inali yotseka chiyambire.

Sabata yotsatira anaithera pa kufuna nyumba. Eni nsalu anali atabwera kale mmodzimmodzi kudzatenga zawo, ena osalankhula, ena akulankhula kwambiri, choncho nthawi anali nayo. Anayenda mizere yonse ya Mufakose, nawoloka mpaka ku Kambuzuma, akugogoda paliponse pamene anamva kuti loja wachoka. Ena ankatchula mtengo woposa wa Privilege. Ena ankati safuna banja, akufuna munthu mmodzi wochoka m'mawa n'kubwera usiku. Pakhomo lina anagwirizana zonse, chipinda chimodzi chaching'ono koma chouma, mpaka mwini wake anafunsa dzina. Atamva kuti Kamwendo, nkhope inasintha.

"Ndinu aja a ku ofesi? Ayi, mayi, ine sindifuna mapepala pakhomo panga. Bwanji osangopita kumudzi mukapume? Pa msinkhu wanuwu tauni ndi yolemetsa."

Magret anangoti zikomo. Sanaone chifukwa chofotokozera.

Kutchalitchi akulu ampingo anamva nkhaniyo, napemphera nawo, nalonjeza kuti akalankhula ndi Privilege. Anapitadi awiri. Privilege anawalandira bwino, nawaphikira tiyi, nawaonetsa pepala la mitengo ya malata. Anabwerako akunena kuti mnyamatayo akuoneka kuti ali ndi mtima wofuna kukonza, kungoti zinthu zavuta kwa aliyense. Ambiri mwa akuluwo analinso ndi maloja kuseri kwa nyumba zawo.

Mvula inagwa kanayi sabata imeneyo. Makoma anayamba kumera nkhungu, ndipo pulasitala wa m'chipinda chogona anagwa chigamba chachikulu. A Fackson anayamba kutsokomola. Akaweruka m'mawa ankagona pampando atafunda jekete, pansi pa kachidutswa ka pulasitiki kamene kanatsala pakona. Anasiya kumeta ndevu. Tsiku lina Magret anawapeza atakhala pamphepete pa chitsime akuyang'ana m'madzi, ndipo mtima wake unadumpha. Anakhala pambali pawo n'kuwauza zimene mayi Chatsika ananena, zoti zipindazo zinali zitagulitsidwa kale iwo asanapite ku ofesi. Ankaganiza kuti ziwapepuza. Iwo anangogwedeza mutu.

"Koma za denga ndinalemba ndine, amake Loveness. Ndi dzanja langali. Ndinamupatsa ndekha mpeni."

Loveness, mwana wawo yekhayo amene anatsala, anabwera Loweruka kuchokera ku Tafara. Ataona mmene zinalili anakhala pansi pakhomo n'kulira, kenaka anadzuka n'kuyamba kulongedza mbale osafunsa munthu. Iye ndi mwamuna wake Farai ankakhala m'chipinda chimodzi ndi ana awiri, chogawa pakati ndi katani. Farai ankayendetsa thiraki ndipo ankagona pakhomo masiku ochepa pa mwezi. Loveness anati mayi atha kumagona ndi adzukulu kuseri kwa katani, ndipo Farai azikagona kwa mnzake masiku amene wabwera. Atafika pa za bambo ake anasowa mawu. Mwini nyumba wa ku Tafarako ankawerenga mitu ya anthu ogwiritsa ntchito chimbudzi, ndipo ngakhale akanalola, bambo sagona chipinda chimodzi ndi mwana wake wamkazi wokwatiwa.

A Fackson anamupulumutsa. Anati alankhula kale ndi abwana awo, ndipo awalola kumagona masana m'kanyumba ka alonda ka pageti. Muli benchi yaitali ndi mbaula yamagetsi. Anazinena mopepuka, ngati nkhani ya masiku ochepa. Anati pofika Febuluwale oyendera nyumba adzabwera, ndipo zinthu zidzaoneka. Palibe anawatsutsa, ndipo iwonso sanabwerezenso.

Bedi, kabati ndi mipando anagulitsa kwa munthu wina wa pamsika wa zakale, amene anagogoda matabwa ofufuma ndi madziwo n'kutchula mtengo wa nkhuni. Matiresi anakawataya kudzala. Zotsala Magret anazigawa pawiri pamkeka. Poto wamng'ono, kapu, mbale imodzi ndi supuni anaika mbali ya amuna ake. Bulangete lochindikala anaikanso komweko. A Fackson analibweza mbali yake, iye analibwezanso, ndipo kachitatu anawayang'ana mpaka analisiya. Anawalembera pakapepala mmene angaphikire nyemba kuti zisawapweteke m'mimba, poti zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo anali asanaphikepo okha.

Ananyamuka Lolemba m'mawa. Loveness anali atatsogola dzulo lake ndi mbale ndi miyendo ya makina. Magret anakulunga mutu wa makinawo m'chitenje, a Fackson anausenza paphewa. Makiyi anakapereka kwa mayi Chatsika, amene anawalandira ndi manja awiri.

Akufika pageti, kunja kunaima lole yaing'ono ikufuna kulowa chambuyo. Pamwamba pake panali malata atsopano, onyezimira mpaka kuthobwa m'maso, ndipo amisiri awiri aja anakhala pamwamba pa malatawo. Privilege anali kutsogolo ndi dalaivala. Geti la pakhomopo linali lopapatiza, ndipo pambali pake panali ngalande imene alendo ambiri ankagweramo. Dalaivala anayesa kawiri osatha. A Fackson anatsitsa makina pansi, naima pomwe dalaivalayo angawaone pagalasi, n'kuyamba kumukodola ndi dzanja, kumanzere pang'ono, bwerera, ima, tsopano lowa. Loleyo inalowa bwinobwino osakhudza chipilala. Dalaivala anaimika chala chachikulu kuthokoza. A Fackson anatsala ataima, dzanja lidakali m'mwamba, ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo. Kenaka anawerama, nasenzanso makina aja.

Anayenda mpaka pamsewu waukulu. Willowvale inali mbali ina, yoyenda pansi. Magret ankayenera kukwera kombi ya m'tauni, n'kukasintha ina ya ku Tafara. Ali chiimire, a Fackson anati azibwera Lamulungu lililonse ndalama ya kombi ikapezeka. Magret anawauza kuti asamagone ndi masokosi onyowa, ndiponso kuti chifuwacho akachionetse kuchipatala chisanakule. Anavomera zonse.

Kombi inaima ndi phokoso, chitseko chili chotsekula kale. Kondakitala anatulutsa mutu n'kufunsa kuti ndi angati.

"Awiri," anatero Magret, phazi lili kale pachitsulo chokwerera.

"Mmodzi," a Fackson anamukonza mofatsa.

Anamuikira makina pamiyendo, nabwerera m'mbuyo kuti chitseko chitsekeke. Kombi itanyamuka Magret anayesa kutembenuka, koma anthu anali atathithikana ndipo galasi lakumbuyo linali lomatidwa ndi katoni.